Amuna anga anavulala bondo ku ntchito: fupa lagwirana koma mwendo sukupindika, malipiro nawo aima

Mayi wa ku Bangwe

Ndalemba kuti ndipemphe nzeru kwa inu amene munadutsapo m'zoterezi, komanso kwa amene mumagwira ntchito za chipatala kapena mumadziwa malamulo a ntchito. Amuna anga amakweza ndi kutsitsa katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. M'nyengo ya mvula yapitayi anaterereka pamwamba pa lole atasenza thumba la simenti, nagwera pansi mwendo wakumanja utapotoka. Atawajambula kuchipatala anatiuza kuti fupa lalikulu la m'munsi mwa bondo lasweka kumutu kwake, pamene limakumana ndi fupa la ntchafu. Anawachita opaleshoni n'kuwaika zitsulo, ndipo anawaletsa kuponda ndi mwendo umenewo kwa miyezi pafupifupi itatu.

Tsopano madokotala akuti fupa lagwirana bwino ndipo awalola kuponda. Ife tinkayesa kuti tikadzangomva mawu amenewa ndiye kuti mavuto atha, koma sizili choncho. Bondo silikupindika mokwanira kuti munthu akhale bwino pampando, ntchafu yaonda kwambiri poyerekeza ndi inzake, ndipo akayendako pang'ono masana, pofika madzulo bondolo limakhala litatupa. Nyumba imene tikuchita lendi ili kumtunda, njira yake ndi ya miyala, moti kuti akafike pamsewu pokwerera minibasi pamafunika munthu wowagwirira. Chovuta koposa ndi chimbudzi. N'chokumba, timalowamo mabanja angapo, ndipo munthu amene sangathe kunyonyomala amazunzika nacho tsiku ndi tsiku, mpaka amuna anga ayamba kudya pang'ono n'cholinga choti asamapiteko kawirikawiri.

Ku ntchito anawapatsa malipiro athunthu mwezi woyamba, kenako theka kwa miyezi iwiri, ndipo kuchokera pamenepo sitinalandirenso kanthu. Akapitawo amangoti akabwere akadzachira. Posachedwapa kunabwera munthu wa ku ofesi ndi pepala, akuti amuna anga akasaina apatsidwa ndalama yofanana ndi malipiro a miyezi iwiri ngati chipepeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanasaine, koma mtima wawo uli pomwepo chifukwa lendi yatsalira ndipo mwana wathu wamkulu, amene ali Fomu 3, akufunika fizi. Ine ndimagulitsa tomato ndi masamba, koma mpamba ukutha chifukwa ndi womwewo umene tikudya ndi kukwerera minibasi yopita kuchipatala.

Kwinaku apongozi anga ku Chiradzulu akufuna kuti mwana wawo apite kumudzi, akuti kuli munthu wodziwa kuthowa ndi kutema mphini pa mawondo otupa. Sindikufuna kukangana nawo, koma mtima wanga sukuvomera. Amuna anganso asintha. Anali munthu wansangala, koma tsopano amakhala chete tsiku lonse, ndipo akayankhula ndiye kuti akukalipira ana pa zinthu zazing'ono.

Kodi bondo lofika pamenepa limadzapindikanso, ndipo tingachite chiyani pakhomo pamene ndalama yopitira ku mafizo (masewera olimbitsa ndi kufewetsa bondo kuchipatala) nthawi zonse palibe? Nanga pepala lija tisaine kapena ayi?

Wothandiza odwala pa mafizo

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Ndiyankha za bondo zokha, za malamulo ndisiyira ena. Zimene ndinene pano zisalowe m'malo mwa malangizo a amene anawachita opaleshoni, chifukwa iwo ndi amene akudziwa mmene fupa linaswekera ndi mmene zitsulo zakhalira.

Zimene mukufotokozazi n'zimene zimachitika kwa anthu ambiri osweka fupa pamalo amenewa. Kusweka kumene kwalowa mkati mwa bondo n'kosiyana ndi kuthyoka pakati pa mwendo. Magazi amene anakhetsedwa mkati amasiya zipsera zimene zimamanga bondo, ndipo miyezi imene munthu amakhala osaponda imaondetsa minofu ya ntchafu msanga kwambiri. Choncho kugwirana kwa fupa ndi gawo loyamba chabe. Gawo lachiwiri, lobwezeretsa kupindika ndi mphamvu, limatenga nthawi yaitali kuposa loyambalo, ndipo si zachilendo kuti munthu atenge chaka kapena kupitirira asanafike pamene bondo lake lidzakhazikike.

Ife timayeza kupindika kwa bondo ndi madigiri. Mwendo wowongoka bwinobwino uli pa 0. Kuyenda pamalo osalala kumafuna madigiri pafupifupi 60, kukwera masitepe ndi kudzuka pampando kumafuna 90 mpaka 100, pamene kunyonyomala kumafuna oposa 130. Ndatchula manambalawa kuti mumvetse chifukwa chake chimbudzi chokumba ndicho chimamaliza kutheka, ndipo kwa ena sichidzathekanso monga kale. Musadikire kuti bondo lifike pamenepo. Pezani kalipentala akukhomereni mpando wolimba wa matabwa wobooka pakati, wotalika mofanana ndi mpando wamba kapena kuposerako pang'ono, wokhala ndi pogwira m'mbali, woti muziuika pa dzenje ndi kuuchotsa. Mpando wa pulasitiki wobooledwa umathandiza kwa kanthawi, koma umathyoka mosayembekezereka. Nkhani imeneyi muikonze sabata yomwe ino, chifukwa munthu amene akudzimana chakudya sangabwezeretse minofu.

Mukadzapitanso kuchipatala, pemphani kuti ayeze madigiriwo n'kuwalemba m'buku la kuchipatala, ndipo muzitero ulendo uliwonse. Ngati nambala ikukwera, ngakhale pang'onopang'ono, muli pa njira yabwino. Ngati yaima kwa milungu ingapo bambowo akuchita mafizo mokhulupirika, auzeni a mafupa mosazengereza. Pali njira yopinda bondo munthu atamugoneka ndi mankhwala, koma imathandiza kwambiri m'miyezi yoyambirira zipsera zisanakhwime, ndipo ikachedwa pamafunika opaleshoni ina.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kuwongoka n'kofunika kuposa kupindika. Bondo losawongoka mpaka kumapeto limatsimphinitsa munthu moyo wake wonse ndipo limadzapweteketsa msana. Pachifukwa chimenechi musamaike pilo pansi pa bondo akagona, ngakhale kuti amamva bwino akatero. Kulungani chitenje muike pansi pa chidendene, bondo likhale m'malere kuti lidzitsikira lokha, ndipo iwo azilimbitsa ntchafu ngati akukanikizira bondolo pansi, n'kuwerenga mpaka khumi, n'kumasula. Akatha kutero azikweza mwendo wonse uli chiwongokere. Pofuna kupinda, agone chagada pamkeka, chidendene chikhale pa jumbo kuti chiziterera, azichikokera kumatako mpaka pamene akumva kukoka, n'kudikira pamenepo pang'ono. Angathenso kukhala m'mphepete mwa bedi lalitali mwendo uli lendelende, n'kumaukankhira m'mbuyo ndi mwendo wabwinowo. Kuchita pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku kumaposa kudzizunza kamodzi. Ululu wokoka umene umatha akapumula si woopsa, koma ululu wobaya, kapena kutupa kumene kwagona mpaka m'mawa, kukusonyeza kuti anapyola muyeso dzulo lake.

Ngati ndalama ya minibasi ikuvuta, nenani zoona kwa a mafizo. Ndi bwino kupita mwa apo ndi apo kukayezedwa ndi kuphunzira zoti muzikachita pakhomo, kusiyana ndi kungosiya mwakachetechete. Inuyo muzilowa nawo kuti muone ndi maso. Kuno ku Blantyre mafizo amachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth komanso pa Kachere Rehabilitation Centre, ndipo m'zipatala za maboma muli akatswiri othandiza za mafupa amene dziko lino linayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1985, moti ngakhale munthu ali kumudzi ali ndi kolowera.

Za mphini, yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo pamenepa musagonje. Mkatimo muli zitsulo, ndipo tizilombo tikalowa kudzera pa bala n'kukafika pa chitsulo, mankhwala akumwa amalephera kutichotsa, moti nthawi zina pamafunika kutsegulanso n'kuchotsa zitsulozo. Kuthowa ndi madzi ofunda pang'ono asanayambe mafizo kulibe vuto ngati bala linapola, koma bondo likatupa madzulo likufunika kulikweza pamwamba ndi kuliika nsalu yozizira. Mukaona mafinya pa chipsera, bondo litafiira ndi kutentha kwambiri, thupi litatentha, kapena katumba wa mwendo atatupa ndi kupweteka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Samalaninso ndi mankhwala ogula pa golosale monga bufeni ndi indosidi, chifukwa kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, makamaka m'mimba mulibe kanthu, kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ngati amasuta fodya, ino ndiyo nthawi yoti asiye, pakuti fodya amachedwetsa kupola kwa fupa.

Ndinene chinthu chimodzi chowawa. Ambiri amabwerera pa kuyenda bwino popanda ndodo, koma kusenza thumba la makilogalamu 50 tsiku lonse, kukwera ndi kudumpha pa lole, ndi nkhani ina. Bondo losweka mkati limakonda kudzagwidwa nyamakazi patsogolo. Pokambirana ndi kampani muzikumbukira zimenezi.

Mlembi wakale wa bungwe la ogwira ntchito

Mayi, pepala limenelo asasaine. Ndikufotokozerani chifukwa chake, ndipo muwawerengere bambowo kuti amve okha.

Zimene kampani yachita pa malipiro zikufanana ndi tchuthi cha matenda chimene chili m'lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000. Lamulo limenelo limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa milungu 4 ya malipiro athunthu ndi milungu 8 ya theka la malipiro pa chaka akadwala. Koma amuna anu sanadwale malungo. Anavulala akugwira ntchito ya kampani, pa nthawi ya ntchito, ndipo nkhani yotere ili ndi lamulo lakelake, la Workers' Compensation Act, lomwenso ndi la chaka cha 2000. Mabwana ena amasakaniza malamulo awiriwa chifukwa cha kusadziwa, ena amachita dala, pakuti loyambalo limatha pa miyezi itatu pamene lachiwirili silithera pamenepo.

M'lamulo la chipukuta misozi, wovulala sayenera kutsimikiza kuti bwana analakwa. Chofunika n'chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito komanso pogwira ntchitoyo. Zikakhala choncho, bwana amayenera kulipira zofunika pa chithandizo cha kuchipatala, kupereka ndalama pa nthawi imene munthuyo sangathe kugwira ntchito, ndiponso kupereka chipukuta misozi ngati patsala chilema chosatha. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, lamulo limawerengera malipiro a miyezi 54. Akalumala pang'ono, dokotala amayeza kuti mphamvu zatayika magawo angati pa 100, ndipo ndalamayo imachokera pa miyezi 54 yomweyo. Mwachitsanzo chabe, dokotala atalemba magawo 20 pa 100, ndiye kuti ndi malipiro a miyezi pafupifupi 11. Sindikunena kuti amuna anu adzalembedwa 20, imeneyo ndi ntchito ya dokotala, koma yerekezerani nokha ndi miyezi iwiri imene akukulonjezaniyo, bondo lisanayezedwe n'komwe.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Kuyeza chilema kumachitika bwino pamene chithandizo chatha ndipo bondo lafika pamene lidzakhalire, koma njala ya pakhomo siidikira nthawi imeneyo. Wobweretsa pepala amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabwera lendi itatsalira, osati tsiku la ngozi.

Chimene muchite ndi ichi. Pitani ku ofesi ya zantchito ya boma la Blantyre mukafunse ngati kampani inapereka lipoti la ngoziyi, chifukwa ndi udindo wake kutero, ndipo nkhani zimenezi zimadutsa kwa Komishonala woona za chipukuta misozi mu unduna wa zantchito. Ngati lipoti kulibe, mukalembetse nokha dandaulo. Malamulo amaika malire a nthawi, choncho musadikire kuti achire kaye. Kulembetsa kumachitika tsopano, kuyeza kudzachitika pambuyo pake. Tengani buku la kuchipatala, zithunzi za fupa, kalata yotulukira m'chipatala, mapepala a malipiro, ndi malisiti onse. Gulani kope la sukulu muzilembamo tsiku ndi ndalama iliyonse imene mwawononga chifukwa cha bondoli, kuphatikizapo ya minibasi ndi ya kabaza. Lembaninso mayina a anzawo amene anaona ngoziyo pamene akadali pa kampaniyo, chifukwa ntchito zonyamula katundu anthu sakhalitsa. Zonse mujambulitse, ndipo mapepala enieniwo musamusiyire munthu aliyense.

Mawu oti akabwere akadzachira ndi oterera. Pemphani kampani ilembe kalata yonena ngati akadali pa ntchito kapena ayi. Lamulo silimalola kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka komanso osamupatsa mwayi wonena mbali yake, ndipo wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa zantchito, nkhani ikakanika n'kupita ku bwalo loweruza milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Funsaninso ngati ankawadula ya penshoni ndiponso ngati ndalamazo zinkafika kumene ziyenera kufika. Ngati pangafunike loya ndipo mulibe ndalama, kuli a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama.

Sindikunamizani kuti zidzayenda mofulumira. Kuno kwathu ndalama imeneyi imachokera kwa bwana mwiniwake kapena ku kampani ya inshulansi imene iye analembetsako, ndipo mafayilo amayenda pang'onopang'ono ngati mwini nkhani sakuwatsatira.

Bambo wa ku Chilomoni

Mayi, ine ndine mmisiri womanga nyumba ndipo ndinagwa pa makwerero zaka zingapo zapitazo, bondo lakumanzere n'kusweka. Za chipatala ndi za malamulo anena kale odziwa, ine ndinene za mumtima mwa munthu wogona pamkekayo, popeza ndinagonapo.

Kukalipira ana kumene mukuonako si nkhanza. Mwamuna amene anazolowera kutuluka m'mamawa n'kubwera madzulo ndi kajumbo m'manja, akayamba kuona mkazi wake akulawirira kumsika, kutunga madzi, n'kudzamugwiriranso popita kuchimbudzi, amadziona ngati katundu pakhomo pake pomwe. Ine chimene chinkandipweteka koposa sichinali bondo, koma kumva akazi anga akunong'onezana ndi achimwene awo za ndalama panja, poganiza kuti akundisungira mtendere. Musamawabisire za ndalama. Muziwerengera limodzi, ndipo kope limene anena a mlembi lija muwapatse iwowo kuti azilemba. Ngati n'kotheka, ikani kabenchi ka tomato pakhomo kuti azigulitsa iwo inu muli kumsika. Poyamba adzakana chifukwa cha manyazi, koma munthu akagwira ndalama imene wapanga yekha, nkhope imasintha. Anzawo a ku ntchito ndi a kumpingo muwapemphe azibwera kudzacheza nkhani wamba, za mpira ndi za m'tauni, osati kudzangopepesa. Koma mukaona kuti sakugona, akukana chakudya masiku otsatizana, ayamba kumwa mowa mobisa, kapena akuyankhula zoti kuli bwino kufa, kanenani kuchipatala, pakuti amenewo ndi matenda ofuna chithandizo ngati bondo lomwelo.

Pa nkhani ya kampani ndisiyana pang'ono ndi a mlembi. Zonse anenazo n'zoona, ndipo nanenso ndikuti asasaine. Koma ndaona anthu akupita ku ofesi ya zantchito ali ndi mkwiyo, n'kutsekeratu khomo limene akanadzalowerapo. Chipukuta misozi chimabwera kamodzi n'kutha, pamene ntchito imadyetsa mwezi ndi mwezi. Pa kampani yotero pamakhala ntchito zopepuka, monga kuwerengera katundu wolowa ndi wotuluka, kulemba pa geti, kapena kusunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu. Munthu amene wakhala akunyamula katunduyo amamudziwa bwino kuposa mlendo. Ine ndikanayamba ndapita kwa bwana wamkulu ndi munthu wachikulire waulemu wake, kukapempha ntchito yotero, ndisanatchule za malamulo.

Apongozi musawakanize maso ndi maso, chifukwa inu ndinu mtengwa kwa iwo ndipo zidzaoneka ngati mukuwalanda mwana. Aitaneni abwere kuno, mupite nawo pa tsiku loonana ndi dokotala, aone chithunzi cha zitsulozo ndi maso awo ndipo amve kwa dokotalayo za kuopsa kwa mphini. Amayi anga anasiya okha nkhani imeneyi ataona misomali pa chithunzi. Akabwera adzathandizanso kuphika ndi kuyang'anira ana, ndipo mwina adzabweretsa kaufa.

Katapila musamuyandikire ngakhale zitavuta motani, makamaka poyembekezera ndalama imene simukudziwa tsiku lake. Ngati muli mu banki m'khonde, fotokozerani anzanu mmene zinthu zilili, ndipo kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa eni nyumba pitani nokha musanathamangitsidwe.

Mayi wa ku Bangwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera amuna anga zonse, ndipo avomera kuti sasaina. Kalipentala wa pafupi nafe wavomera kukhoma mpando uja ndi matabwa otsala, tizimulipira pang'onopang'ono. Tayesanso kuika chitenje pansi pa chidendene, ndipo taona kuti bondo silikufika pansi, pakutsala mpata woti dzanja langa likulowa, chinthu chimene sitinkachilabadira chifukwa maganizo onse anali pa kupinda.

Pali zinthu ziwiri zimene zikundidetsabe nkhawa. Amuna anga agwira pa kampaniyi zaka zambiri koma sanapatsidwepo kalata yowalemba ntchito, ndipo malipiro ankalandira pamanja atasaina m'buku limene limatsala ku ofesi. Kodi kampani singakane kuti si wantchito wake koma waganyu? Chachiwiri, pakati pa malangizo a mlembi ndi a bambo a ku Chilomoni, tiyambe ndi ati? Amuna anga akuopa kuti tikapita ku ofesi ya zantchito, bwana adzakwiya ndipo ntchito yopepukayo sidzapezekanso.

Mlembi wakale wa bungwe la ogwira ntchito

Kusowa kwa kalata kusakuopseni, Mayi. Mgwirizano wa ntchito umakhalapo ngakhale unali wapakamwa, ndipo udindo wolemba mfundo za ntchito n'kupatsa wantchito ndi wa bwana, moti kusowa kwa kalatayo ndi mlandu wake, osati wa amuna anu. Munthu amene amalawirira pamalo amodzi tsiku ndi tsiku kwa zaka, kulamulidwa ndi kapitawo, n'kumagwira ntchito imene kampaniyo imadyera, ndi wovuta kumutcha waganyu. Komanso kampaniyo inadziulula yokha, chifukwa waganyu salipidwa mwezi wathunthu ndi miyezi iwiri ya theka ali m'chipatala. Ngati ndalama imeneyo inabwera pa foni, uthenga wake musaufufute. Sungani yunifolomu, chiphaso cha pa geti ngati chilipo, ndi uthenga uliwonse wochokera kwa akapitawo. Munthu wa pepala uja akadzabweranso, mumulandire mwaulemu, mupemphe kuti akusiyireni pepalalo kuti muliwerenge modekha, ndipo akakana mulijambule ndi foni. Pepala lolonjeza chipepeso ndi umboni wakuti iwo akudziwa kuti ngoziyo inachitikira pa ntchito yawo.

Pa funso lachiwiri, ndikugwirizana ndi bambo a ku Chilomoni kuti ntchito yopepuka ndi yofunika ndiponso kuti mawu aulemu amatsegula makomo. Pamene sindikuvomereza ndi pa kudikira. Kulembetsa ngozi ku ofesi ya zantchito si kusumira bwana kukhoti. Ndi ndondomeko imene kampaniyo inayenera kuitsata yokha, ndipo ngati ili ndi inshulansi ya antchito ake, ndalamayo siichokera n'komwe m'thumba mwa bwana. Chimene ndaona kawirikawiri n'chakuti munthu amalonjezedwa ntchito ya pa geti pakamwa, amakhala chete miyezi yambiri poopa kukhumudwitsa bwana, kenako amachotsedwa nthawi yodandaula itatha ndipo mboni zitabalalika.

Chitani zonse ziwiri m'sabata imodzi. Lembani kalata yaifupi yaulemu yopita kwa bwana wamkulu, yothokoza pa zimene anachita poyamba, yonena tsiku la ngozi, yopempha kuti amuna anu apatsidwe ntchito yopepuka dokotala akalola, ndiponso yofunsa ngati lipoti la ngozi linapita ku ofesi ya zantchito. Ikhale makope awiri, limodzi alidinde n'kukubwezerani. Munthu wachikulire amene anena bambo aja akhoza kukaipereka limodzi ndi inu. Mukachoka pamenepo pitani ku ofesi ya zantchito ndi kope lodindidwalo. Ndipo pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, pemphani dokotala alembe momveka ntchito zimene amuna anu angagwire panopa ndi zimene sangagwire, chifukwa bwana savutika kukana pempho la pakamwa, koma kalata ya dokotala amayenera kuiyankha.

Wothandiza odwala pa mafizo

Mpata wolowa dzanja umene mwaupezawo ndi wofunika kuuthetsa msanga, Mayi. Azigona chidendene chili pa chitenje chokulungacho kwa mphindi 10, kangapo pa tsiku, minofu atailekerera. Akazolowera mukhoza kuika kathumba ka mchenga kopepuka pamwamba pa ntchafu, pafupi ndi bondo koma osati pa chipsera. Musakanikize ndi manja anu mwamphamvu. Muwauzenso a mafizo za mpata umenewu kuti auyeze n'kuulemba, ndipo ndodo imodzi asaisiye msanga chifukwa cha manyazi: aziigwira ku dzanja lamanzere, mbali ya mwendo wabwino, mpaka atayamba kuyenda osatsimphina, makamaka potsika njira yamiyala ija.